Mafunso a Owerenga: Chuku pa Mtedza, Chimanga ndi Mpunga

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno achokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota, ndipo pafupifupi onse akukhudza chuku pa zokolola kapena matenda a mbewu obwera ndi tizilombo ta mtundu wa bowa, timene akatswiri amatitcha mafangasi. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa.

"Ndine mlimi wa mtedza. Chaka chino gulu lathu linapeza wogula amene amatumiza mtedza kunja, koma atatapa pang'ono m'matumba n'kukayeza, anabweza matumba anga ponena kuti muli aflatoxin wambiri. Mtedza wanga ndinausankha bwino ndipo sunkaoneka wowola. Kodi imeneyi si njira yongofuna kutitsitsira mtengo?" Bambo wa ku Mwansambo, Nkhotakota.

Bambo, kukayika kwanu n'komveka, pakuti mlimi amene anaberedwapo pa sikelo sangavomere msanga chiweruzo cha kachipangizo kamene sanakaonepo kakugwira ntchito. Muli ndi ufulu wopempha kuti kuyezako kuchitike pamaso pa atsogoleri a gulu lanu ndiponso kuti akuuzeni nambala imene yatuluka. Komabe aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, alipo ndithu, ndipo mtedza ukhoza kukhala naye wochuluka ngakhale ukuoneka woyera, wosanunkha komanso wokoma m'kamwa.

Poizoniyu amapangidwa makamaka ndi mitundu iwiri ya chuku, Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, imene imakhala m'nthaka ndi pa zinyalala za m'munda. Anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo kuyambira pamenepo mayiko ogula mbewu anayamba kuika malire. Lero mayiko a European Union sakulola kuti mtedza wopita kwa anthu kukadya ukhale ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni, pamene America imalola mpaka magawo 20. Malire a ku Ulayawo akutanthauza magalamu 4 okha a poizoni m'matumba 20,000 a makilogalamu 50, ndipo palibe diso limene lingaone zimenezo. Chinanso chosokoneza n'chakuti poizoniyu samwazikana mofanana m'thumba. Njere zowerengeka zikhoza kusenza pafupifupi poizoni yense pamene zina zonse zili bwino, n'chifukwa chake wogula wachilungamo amatapa m'malo ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi pa matumba, asanagaye ndi kuyeza.

Anthu ambiri amaganiza kuti chuku chimayambira m'nkhokwe, koma ofufuza anaonetsa kalekale kuti pa mtedza vutoli limayamba mbewu idakali m'nthaka. Ng'amba ikagwa m'masabata anayi kufika asanu ndi limodzi omaliza mtedza usanakhwime, nthaka n'kutentha, mbewu imafooka, makoko amang'aluka, chiswe chimaboola, ndipo chuku chimalowa n'kuyamba kupanga poizoni mwini munda asanagwire khasu lokumbira. Kuno m'mbali mwa nyanja, kumene kumatentha ndipo nthaka yambiri ndi yamchenga yosasunga madzi, chiopsezo chimenechi n'chachikulu kuposa m'madera ozizira. Choncho chilichonse chosunga chinyontho m'munda chimateteza mtedza wanu: kudzala ndi mvula yoyamba, kutseka mizere kuti madzi asathawe, kuthira manyowa, ndi kudzala mothithikana moyenera kuti masamba aphimbe nthaka msanga. Kumene mvula imaleka msanga, mitundu yocha msanga monga Kakoma ndi Baka imakhwima ng'amba isanalimbe.

Nkhaniyi inavulaza kale dziko lathu. Mtedza wa Chalimbana unkapita wambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma msika umenewo unatayika, ndipo aflatoxin anali chimodzi mwa zifukwa zake. Mu 2013 boma linakhazikitsa ndondomeko ya MAPAC yolimbana ndi poizoniyu, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko oyamba amene bungwe la PACA, la pansi pa African Union, linayamba kugwira nawo ntchito.

"Ndikamasankha mtedza wogulitsa, wonyala, wosweka ndi wakuda uja sinditaya. Ndimaukazinga n'kusinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la ana. Mnzanga akuti ndikulakwitsa. Kodi moto suphetsa chuku?" Mayi wa ku Khombedza, Salima.

Mayi, mwa makalata onse amene afika, lanu ndi limene ndikufuna owerenga onse aliganizire, chifukwa zimene mukuchitazo zikuchitika m'makomo ambiri, ndipo zikuchitika chifukwa cha chikondi ndi kusafuna kuwononga chakudya. Koma mnzanuyo akunena zoona. Moto umapha chuku, koma poizoni amene chukucho chinasiya m'njere amatsala. Aflatoxin sawonongeka msanga pokhapokha kutentha kutaposa madigiri 250, pamene phala ndi ndiwo zimawira pa madigiri 100. Kukazinga kumamuchepetsako, koma osati mokwanira kuti mtedza woipa usanduke wabwino.

Tsono taonani chimene kusankha kumachita. Poizoni wambiri amakhala m'njere zonyala, zosweka, zobooka ndi zosintha mtundu. Mukazichotsa, thumba lopita kwa wogula limayera, koma poizoni amene anali m'thumba lonse amasonkhana m'lichero limodzi, ndipo lichero limenelo ndi limene likupita mumtondo. Mlendo wakutali akudya mtedza wabwino, mwana wa mwini munda akudya zotsalira. Ine ndimaona kuti uphungu wa aflatoxin umene umangokamba za misika yakunja, osanenapo za kumene mtedza wosankhidwa ukupita, ndi uphungu wosakwanira ndipo ukhoza kuwonjezera vuto m'mudzi m'malo molichepetsa.

Kuopsa kwake kuli pawiri. Munthu akadya poizoni wochuluka nthawi imodzi, chiwindi chimawonongeka m'masiku ochepa: maso amachita chikasu, mimba ndi miyendo zimatupa, amasanza, ndipo ambiri amamwalira. Zimenezi zinachitika kummawa kwa dziko la Kenya mu 2004, kumene anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chimene chinasungidwa chisanaume. Mu 2016 zinachitikanso ku Tanzania, m'dera la Dodoma, ndipo anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Kuopsa kwina, kumene kumakhudza anthu ochuluka, ndi kwa poizoni wodyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya chiwindi, ndipo chiopsezo chimakwera kwambiri kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi. Katemera wa matenda amenewa ali m'gulu la akatemera a ana m'Malawi kuyambira mu 2002, choncho musaphonye sikelo ya ana.

Pa ana palinso nkhani ya kupinimbira. Kafukufuku amene anachitika ku Benin ndi Togo, n'kufalitsidwa mu 2002, anapeza kuti ana opinimbira anali ndi zizindikiro zambiri za aflatoxin m'magazi kuposa anzawo, ndiponso kuti zizindikirozo zinali zokwera mwa ana amene analeka kuyamwa n'kuyamba kudalira phala. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, monga kuperewera kwa zakudya ndi matenda otsekula m'mimba, koma m'dziko limene kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, sitingapeputse chifukwa chimene tingathe kuchichotsa ndi manja athu. Mayi woyamwitsa apitirize kuyamwitsa, koma asamale zimene iye mwini akudya.

Mtedza wonyala koma wowala bwino ndi wosiyana ndi wakuda, wobiriwira kapena wowawa, komabe pa phala la mwana ndikupemphani kuti musatchove njuga: patulani mtedza wabwino kwambiri, wofanana ndi umene mukugulitsa, ndipo wachuku muukwirire kapena kuutentha. Ndikudziwa kuti mawu akuti tayani chakudya ndi olemera m'chaka cha njala, koma njere zoyenera kutayidwazo nthawi zambiri zimakhala zochepa. Pogula, ndi bwino kugula mtedza wathunthu n'kusankha nokha kusiyana ndi kugula nsinjiro kapena chiponde chopanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, pakuti mtedza ukasinjidwa palibe amene angadziwe kuti unali wotani.

"Kwathu kuno timawaza madzi pa mtedza usiku kuti makoko afewe, tisavutike poswa. Komanso alangizi ena anatiphunzitsa kuumitsa mtedza pounjika mozungulira, njira ija amati Mandela cock, pamene ena akuti tizingoutembenuza pamzere. Titsate ziti?" Mlembi wa kalabu ya alimi, Zidyana, Nkhotakota.

Kuwaza madzi kulekeke ndithu. Mtedza umene unauma bwino umabwezeredwa chinyontho, ndipo ukaikidwa m'thumba pamalo otentha, chuku chimene chinali chitagona chimadzuka m'masiku ochepa. Amene amanyowetsa dala kuti mtedza ulemere pa sikelo akuchita choipa chachikulu kwa anthu amene adzaudye. Ngati zala zikupweteka, kalabu yanu iganizire zogula makina oswera oyendetsa ndi manja, koma muziwachuna bwino kuti asaphwanye njere. Ndipo ngati simukugulitsa msanga, sungani mtedza m'makoko ake, chifukwa khoko losang'aluka ndi chitetezo chabwino.

Pa kaumitsidwe, ofufuza anayerekeza njira ziwirizo m'minda ya alimi m'dziko lathu lino, ndipo zotsatira zake, zimene Limbikani Matumba wa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi anzake anafalitsa mu 2018, zinaonetsa kuti mtedza woumitsidwa mu Mandela cock unali ndi aflatoxin wochuluka kuposa wotembenuzidwa pamzere. Chifukwa chake n'chomveka: mulu ukaunjikidwa masamba adakali aawisi, kapena ukapanda mpata wokwanira wa mphepo pakati, m'kati mumatentha ndipo mumachita thukuta. Choncho mukakumba, sansani dothi, tembenuzani mbewu kuti makoko ayang'ane kumwamba osakhudza nthaka, ndipo mukathothola mumalize kuyanika pa mphasa, pa lona kapena pa thandala. Mtedza wouma umalira mukaugwedeza ndipo njere yake imathyoka mukailuma. Nthawi yokumba nayonso ndi yofunika: swani makoko angapo, ndipo ambiri akakhala ndi mawanga akuda m'kati, kumbani, osadikira kuti masamba onse ayoyoke.

"Ndinamva pa wailesi za mankhwala otchedwa Aflasafe, akuti amawaza chuku m'munda pofuna kuthana ndi chuku. Zimenezi zikundizunguza mutu. Kodi si kuwonjezera matenda?" Mnyamata wolima pafupi ndi Chitala, Salima.

Achimwene, funso lanu ndi lanzeru. Mumtundu wa Aspergillus flavus muli mabanja ambiri, ena opanga poizoni ndipo ena, mwachibadwa chawo, osatha kumupanga. Onse amalimbirana malo ndi chakudya chimodzi. Ofufuza anaganiza kuti ngati mabanja osapanga poizoniwo atachulukitsidwa m'munda pa nthawi yoyenera, adzayamba ndiwo kukhala pa maluwa, pa ndevu za chimanga ndi pa makoko a mtedza, ndipo opanga poizoni adzapeza malo atatha, monga momwe mbatata yoyanga msanga imalepheretsera udzu kumera. Njirayi inayamba ku America ndi katswiri Peter Cotty, poyamba pa thonje, kenako bungwe lofufuza zaulimi la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, linaibweretsa mu Africa mogwirizana ndi nthambi ya zaulimi ya boma la America.

Chofunika kumvetsa n'chakuti chuku cha mu Aflasafe sichichokera kunja kwa chigawo. Akatswiri amatola nthaka ndi mbewu m'minda ya dziko lomwelo, kupatula mabanja ambirimbiri, kuyeza amene sapanga poizoni, n'kusankha anayi amphamvu. Mabanjawo amapakidwa pa njere za mapira zokazinga kuti zisamere, ndipo zimapakidwa utoto wabuluu kuti munthu asazidye molakwitsa. Ya kuno kwathu ili ndi mayina akuti Aflasafe MW02 ndi Aflasafe MWMZ01, yachiwiriyi ikugwiranso ntchito ku Mozambique. Mlimi amawaza ndi manja makilogalamu 10 pa hekitala, kapena 4 pa ekala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, nthaka ili yonyowa, atamaliza kupalira ndi kubandira kuti njerezo zisakwiririke. M'mayiko ambiri mmene anaiyesa, aflatoxin anatsika ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposerapo.

Koma ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Aflasafe sawonjezera zokolola, choncho ndalama yake imabwerera pokhapokha wogula akulipira mtengo wabwino pa mbewu yoyezedwa, kapena mlimi akawerengera thanzi la banja lake ngati phindu, chimene ine ndikuona kuti ayenera kutero. Chachiwiri, sateteza ku poizoni wa mafangasi a mtundu wina, ndipo salowa m'malo mwa kuyanika ndi kusunga bwino. Za kapezekedwe kake funsani mlangizi wa dera lanu kapena ku malo a kafukufuku a Chitala, amene muli nawo pafupi.

"Chimanga changa chambiri chinawola kumunda. Zitsononkho zina zili ndi chuku choyera, zina chofiirira, makamaka zimene zinabooledwa ndi mbozi. Ndinaganiza zopatsa nkhuku ndi nkhumba, china n'kupangira chimera. Kodi palibe vuto? Nanga chotsalacho ndigayitse mgaiwa kapena ufa woyera?" Bambo wa ku Thavite, Salima.

Bambo, chuku mukunenacho si cha aflatoxin chokha. Choyera chophimba chitsononkho chonse kuyambira kutsinde, mpaka makoko kumamatira, kawirikawiri ndi cha fangasi wotchedwa Stenocarpella, pamene chofiirira kapena chotuwa chogwira njere apo ndi apo ndi cha Fusarium. Fusarium amapanga poizoni wina, fumonisin, amene anadziwika mu 1988 ndi akatswiri a ku South Africa. Iwo ankafufuza chifukwa chimene khansa ya kummero inali yochuluka m'dera la Transkei, kumene anthu ankadya ndi kufulula mowa wa chimanga chachuku. Khansa imeneyi ili ndi zoyambitsa zingapo, kuphatikizapo fodya ndi mowa, koma popeza Malawi ali m'gulu la mayiko amene nthendayi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ife timadya chimanga tsiku lililonse, fumonisin sitingamunyalanyaze. Mwaona bwino kuti mbozi ndi imene inatsegula njira. Chiyambireni mbozi ya mtundu watsopano ija, imene inafalikira m'dziko muno cha m'ma 2017, kulimbana nayo ndi mbali imodzi ya kulimbana ndi chuku.

Ziweto sizisefa poizoni. Nkhuku zodya chimanga chachuku zimakula mochedwa, zimachepetsa mazira ndipo anapiye amafa. Abakha ndiwo amafa msanga koposa. Nkhumba zimawonongeka chiwindi ndi aflatoxin, ndipo fumonisin amazidzazitsa madzi m'mapapo. Ng'ombe yamkaka ikadya aflatoxin, gawo lina limatuluka mumkaka umene ana amamwa. Chimeranso si pothawira, popeza kunyowetsa ndi kufundika njere ndi kumene chuku chimakonda, ndipo ofufuza a m'dziko muno anapeza poizoni m'chimera ndi m'mowa wamasese. Thobwa amamwa ndi ana omwe, choncho chimera chake chichokere ku njere zabwino.

Pa chimanga chotsalacho, kafukufuku wa m'dziko muno ali ndi uthenga wolimbikitsa. Ntchito ya Limbikani Matumba uja ndi anzake inaonetsa kuti kusankha ndi manja, kuchotsa njere zowola, zosweka ndi zosintha mtundu, kumachotsa poizoni wochuluka kuposa njira ina iliyonse ya pakhomo ikakhala payokha. Inaonetsanso kuti kapangidwe ka ufa woyera, kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka ndi kuyanika, kamachotsa magawo oposa 80 pa 100 a aflatoxin. Mgaiwa uli ndi michere yambiri kuposa ufa woyera, ndipo m'chaka chimene chimanga chili chabwino ndimaulimbikitsa. Koma chimanga cha chaka chino, monga mwachifotokozera, chisankhidwe pa chitsononkho musanatonole, chisankhidwenso pa lichero, njere zoyandama pamadzi zitayidwe, kenako chikonoledwe. Madzi oviikira mphale atayidwe, ndipo dziwani kuti gawo lalikulu la poizoni limapita m'madeya, choncho madeya a chimanga chotere asapite kwa ng'ombe yamkaka.

"Ndinathira Actellic m'chimanga changa koma chinachitabe chuku. Kodi matumba a PICS angathandize?" Mayi wa ku Chipoka, Salima.

Mayi, Actellic ndi wopha anankafumbwe ndi tizilombo tina touluka kapena tokwawa, sapha chuku. Chimene chinawononga chimanga chanu ndi chinyontho. Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati otsekereza mpweya, ndipo tizilombo ndi chuku zimalephera kukula, koma amafuna chimanga chouma kufika pa magawo 13 pa 100 a chinyontho. Kuti muyeze, ikani chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, gwedezani kwa kanthawi, ndipo mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, yanikaninso. Matumba asanjidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma, ndipo denga lisadonthe.

"Mpunga wanga wa Kilombero unamera bwino, koma utatulutsa ngala, makosi a ngala anada n'kuthyoka, njere n'kukhala zopanda kanthu. Masamba anali ndi mawanga osongoka mbali zonse ziwiri, otuwa pakati. Ndinathira feteleza wokwanira. Chinalakwika n'chiyani?" Mlimi wa pa sikimu ya Bua, Nkhotakota.

Zizindikiro mwatchulazo ndi za chiwawu cha mpunga choyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Pyricularia oryzae, nthenda yoopsa koposa pa mpunga padziko lonse. Imayenda ndi mphepo, ndi mbewu, komanso imagonera m'mapesi a chaka chatha, ndipo imakula msanga pamene mame akukhalitsa pamasamba ndipo kunja kuli mitambo. Feteleza amene mukumutamayo akhoza kukhala kuti anathandiza nthendayi, pakuti yureya wochuluka wothiridwa nthawi imodzi amakulitsa masamba ofewa amene fangasiyu amaboola mosavuta. Mugawe fetelezayo kawiri kapena katatu, musathinitse mbewu mu nazale, ndipo musalole kuti munda uume pamene mpunga watsala pang'ono kubereka, chifukwa mpunga wosowa madzi umagwidwa msanga. Mbewu ya chaka chamawa musatenge m'munda umenewu. Mankhwala opopera amathandiza ngati apoperedwa ngala zitatsala pang'ono kutuluka. Khosi likada, njerezo zapita. Gulani okhawo ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, ndipo za mbewu yabwino ndi mitundu yopirira funsani ku Lifuwu, kumene kuli malo a boma ofufuzira za mpunga.

"Ndimaphunzitsa zaulimi kusekondale. Ophunzira anga anandifunsa chifukwa chimene akatswiri sanatulutsebe mtedza kapena chimanga chosagwidwa chuku, pamene anatulutsa mitundu yopirira matenda ena." Mphunzitsi, Linga, Nkhotakota.

Aphunzitsi, auzeni ophunzira anu kuti funso lawo ndi limene lakhala likuvutitsa obereketsa mbewu kwa zaka zoposa 40. Bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT, limene lakhala likugwira ntchito pa Chitedze kuyambira mu 1982 pamodzi ndi nthambi ya boma yofufuza zaulimi, lathandiza kutulutsa mitundu ya mtedza yobereka kwambiri monga CG7, ndi ina yopirira kadukutu. Pa matenda a mafangasi a masamba, monga mawanga ndi dzimbiri la mtedza, zimene zingadule zokolola ndi theka, kapena mawanga otuwa a chimanga, kusankha mbewu yopirira kumatheka chifukwa nthendayo imaoneka ndi maso ndipo imabwera mofanana chaka ndi chaka. Wofufuza amayenda m'munda n'kupatula mizere imene yakhalabe yobiriwira. Aflatoxin ndi wosiyana. Saoneka, ayenera kuyezedwa mu labotale pa mzere uliwonse, amasintha kwambiri malinga ndi mvula ndi kutentha kwa chakacho, ndipo kupirira kwake kumadalira majini (tizinthu ta m'mbewu tosenza makhalidwe achibadwa) ambiri, lililonse lothandiza pang'ono. Mtundu umene wachita bwino chaka chino ukhoza kulephera chaka chamawa ng'amba ikalimba. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amalondola makhalidwe othandiza mozungulira: kupirira chilala, kucha msanga, khoko lolimba pa mtedza, ndi makoko otseka bwino nsonga ya chitsononkho pa chimanga.

Palinso njira yatsopano yosintha majini. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Arizona anafalitsa zotsatira za chimanga chimene chimapanga timauthenga tozimitsa jini imene chuku chimagwiritsa ntchito popanga aflatoxin, ndipo m'njere zimene anaziyesa poizoni sanapezeke ngakhale chuku chinamera. M'nyengo yomweyo ICRISAT ndi Donald Danforth Plant Science Center ya ku America anachita zofanana pa mtedza, n'kuwonjezera majini ochokera ku mbewu zina olepheretsa chuku kukula. Zotsatirazo zinapezeka mu labotale ndi m'nyumba zoyeseramo mbewu, ndipo mbewu zotere zisanafike kwa mlimi wa ku Linga ziyenera kuyesedwa m'minda ya kuno ndi kudutsa m'malamulo a Biosafety Act ya 2002, oyang'anira zamoyo zosinthidwa majini. Ngati mungathe, pitani ndi ophunzirawo ku tsiku la chionetsero ku Chitala kapena ku Lifuwu, atenge zitsanzo za mtedza ndi zitsononkho zodwala za m'midzi yawo, akafunse akatswiri dzina la nthenda iliyonse ndi mmene amayezera poizoni.